Kamoto Kamene Kamayendetsa Galimoto ya Agogo

Kodi mukudziwa kuti galimoto ya petulo ikamadutsa pamsewu wa kwanu, mkati mwa injini yake mumakhala mukuthetheka timoto tambirimbiri pa sekondi iliyonse? Sitioneka chifukwa tatsekeredwa m'chitsulo. Kamoto kamodzi n'kakang'ono zedi, kutalika kwake mwina sikukwana n'komwe milimita imodzi. Koma kakangosowa, galimoto imaima pomwepo, ngakhale thanki itadzaza petulo mpaka pakamwa. N'chifukwa chake makaniko akaitanidwa pa galimoto yokana kulira, asanamasule chilichonse amayamba wafunsa kuti: "Mafuta akufika? Nanga moto ulipo?"

Ana a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri mumawadziwa magalimoto okalamba aja, openta mobwerezabwereza, amene amanyamula matabwa, njerwa, mchenga kapena katundu wa anthu osamuka. Ina mwa iwo ndi kapikapu ka Nissan 1400. Kanayamba kupangidwa ku South Africa mu 1971 ndi dzina loti Datsun 1200, kanalandira injini yokulirapo mu 1980, ndipo kanasiya kupangidwa mu 2008. Zaka 37 zimenezo, kaonekedwe kake osasintha kwenikweni! Mwa apo ndi apo mumakumananso ndi Peugeot 504, Land Rover yakale ya makona anayi, kapena Volkswagen Beetle imene mwini wake amaisamala kuti azikatengera akwati tsiku la ukwati. Magalimoto amenewa ali ndi chipangizo chimene magalimoto atsopano alibe. Dzina lake ndi disitiribyuta, ndipo ntchito yake ndi kugawa moto.

Za mkati mwa injini

Tiyambe ndi kumene motowo ukupita. Injini ya kapikapu ili ndi mabowo anayi aakulu otchedwa masilinda. M'silinda iliyonse muli pisitoni, chitsulo chozungulira chimene chimakwera n'kutsika. Pisitoni ikamatsika koyamba imakoka mpweya wosakanikirana ndi nthunzi ya petulo. Ikamakwera imafinya mpweyawo mpaka kuupanikiza pakamalo kakang'ono pamwamba. Apa m'pamene pulagi, kachipangizo kolowetsedwa pamwamba pa silinda, imathetheka, mpweya uja n'kuyaka mwamphamvu, n'kukankhira pisitoni pansi. Ikamakweranso imatulutsa utsi umene mumauona kumbuyo kwa galimoto. Kukoka, kufinya, kuyaka, kutulutsa utsi, basi, n'kuyambiranso. Injini yoyenda motere anaikonza ndi Nikolaus Otto wa ku Germany mu 1876, ndipo mpaka lero magalimoto a petulo akutsatirabe njira yomweyo.

Masilinda anayiwo sayaka nthawi imodzi. Munaonapo atsikana atatu kapena anayi akusinja mtondo umodzi? Wina musi uli m'mwamba, wina ukutsika, wina wangogunda kumene. Aliyense ali ndi nthawi yake, ndipo mmodzi akangofulumira kapena kuchedwa pang'ono, misi imawombana ndipo chimanga chimatayika. Masilinda nawo amalandizana chimodzimodzi. Mu injini zambiri za masilinda anayi, yoyamba kuyaka ndi silinda 1, kenako 3, kenako 4, n'kumalizira 2. Amakaniko ndondomeko imeneyi amaidziwa pamtima: 1-3-4-2. Ya Beetle ndiye ili ndi yakeyake, 1-4-3-2, ndipo woiwala zimenezi amaweruka galimoto isanalire.

Tsopano tengani pensulo tiwerengere limodzi. Galimoto ikamathamanga bwinobwino, injini yake imatha kuzungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi. Ikazungulira kamodzi, masilinda awiri ayenera kulandira moto. Ndiye kuti pa mphindi imodzi pakufunika timoto 6,000. Gawani ndi masekondi 60, mupeza timoto 100 pa sekondi iliyonse. Musanamalize kunena kuti "Zingwangwa", timoto tambirimbiri tathetheka kale, kalikonse m'silinda yake komanso pa nthawi yake.

Moto umachokera kuti?

Batire la galimoto lili ndi mphamvu ya mavoliti 12 okha. Magetsi a ESCOM amene amayatsa babu kunyumba kwanu ndi a mavoliti 230. Koma kuti magetsi alumphe kampata ka kunsonga kwa pulagi, mkati mwa mpweya wofinyidwa uja, pamafunika mavoliti oposa 10,000, nthawi zina mpaka 20,000 kapena kuposa apo. Nanga batire la mavoliti 12 liwatenga kuti?

Yankho lili mu koyilo, kachitini kotalikirapo kamene kamamangiriridwa pafupi ndi injini. Mkati mwake muli kandodo kachitsulo kokulungidwa ndi mawaya awiri a kopa. Waya woyamba ndi wonenepa ndipo anaukulunga maulendo mazana ochepa. Wachiwiri ndi wopyapyala kwambiri ndipo anaukulunga maulendo pafupifupi 20,000. Magetsi a batire akamadutsa mu waya wonenepa uja, kandodo kaja kamasanduka maginito. Ndiye apa pali chodabwitsa. Moto subwera pamene magetsi akulowa ayi. Umabwera pamene magetsiwo adulidwa mwadzidzidzi. Mphamvu ya maginito ija imagwa kamodzin'kamodzi, ndipo kugwa kwakeko kumadzutsa magetsi amphamvu kwambiri mu waya wopyapyala. Amene anatulukira kuti maginito akamasintha amadzutsa magetsi mu waya ndi Michael Faraday wa ku England, mu 1831, galimoto kulibe n'komwe.

Choncho pakufunika wina woti azilumikiza ndi kudula magetsi ka 100 pa sekondi, osatopa, osaiwala. Chala cha munthu sichingathe. Ntchitoyo ili m'manja mwa mapoyinti.

Makaniko akamasula timakilipi tiwiri n'kuchotsa chivindikiro cha disitiribyuta, chimene iwo amachitcha kapu, mumaona zonse poyera. Pakati pali shafuti, kamtengo kachitsulo kamene kamazunguliridwa ndi injini yomweyo. Injini ikazungulira kawiri, iko kamazungulira kamodzi. Kamtengoka sikozungulira bwinobwino, kali ndi mapewa anayi. Pambali pake pali kamkono kachitsulo kokhala ndi kachidendene ka pulasitiki kamene kamakhudza shafutiyo. Kunsonga kwa kamkonoko kuli kadontho kachitsulo cholimba, koyang'anizana ndi kadontho kanzake kamene sikasuntha. Timadontho tiwiriti ndiye mapoyinti. Tikagundana magetsi amadutsa. Phewa la shafuti likafika limakankha kachidendene, timadontho timalekana, magetsi amaduka, ndipo koyilo imalavula moto. Phewa likadutsa, sipuling'i imabweza kamkono, timadontho n'kugundananso. Mpata umene timalekana ndi pafupifupi theka la milimita. Pafupi pomwepo pali kondensa, kachitini kakang'ono kamene kamameza magetsi otsalira kuti mapoyinti asapse msanga.

Moto wochoka ku koyilo umabwera ndi waya wonenepa n'kulowa pakati pa kapu. Pansi pake pali rota, kachala kamene kamakhala pamutu pa shafuti n'kumazungulira nayo. Kachalaka kakaloza waya wa silinda 1, moto umapita ku pulagi ya silinda 1. Kakaloza wa 3, moto upita ku 3. Kugawa kuja n'kumeneku.

Njira yonseyi, ya batire, koyilo, mapoyinti ndi disitiribyuta, anailuka ndi Charles Kettering wa ku Dayton, m'chigawo cha Ohio ku America, ndipo kampani yake ya Delco inaiika m'magalimoto a Cadillac mu 1910. Inagwira ntchito bwino kwambiri moti kwa zaka zoposa 60 magalimoto ambiri a petulo padziko lonse ankayendera yomweyo.

Pali kanthu kena kamene kamandisangalatsa kuposa zonse. Petulo sayaka nthawi yomweyo ngati mmene timaganizira, amatenga kanthawi kochepetsetsa kuti moto ufalikire. Choncho pulagi iyenera kuthetheka pisitoni isanafike pamwamba penipeni. Injini ikamalira pang'onopang'ono galimoto itaima, moto umatsogola ndi madigiri pafupifupi 5 mpaka 10. Ikathamanga kwambiri pisitoni imafika msanga, ndiye moto uyenera kutsogola kwambiri, mwina madigiri 30. Ndani amauza disitiribyuta kuti dalaivala waponda mafuta? Palibe kompyuta m'menemo. Pansi pa mapoyinti pali timiyala tiwiri tachitsulo togwidwa ndi timasipuling'i. Shafuti ikazungulira mwaliwiro timiyalato timatayikira kunja, ndipo potero timapotoza mapewa aja kuti afike msanga. Liwiro likachepa timasipuling'i timatibweza. Nzeru zonsezo m'kabokosi kokwana m'manja awiri a mwana wa Sitandade 5!

Vuto la mapoyinti

Chinthu chilichonse chokhuzana ndi chinzake chimatha. Kachidendene kaja kamaperesedwa ndi shafuti tsiku ndi tsiku, ndipo fumbi la miyezi ya Seputembala ndi Okutobala likalowa m'menemo kamatha msanga. Kakafupika, mpata wa mapoyinti umachepa ndipo moto umayamba kuchedwa. Timadontho tija nato timapsa pang'onopang'ono, kena kamachita dzenje, kanzake kamamera kachitunda. Zikatero galimoto imavuta kulira m'mawa, makamaka masiku a chiperoni. Imamwa petulo wambiri. Pokwera chitunda cha ku Bangwe itasenza njerwa imanjenjemera, kukhosomola, mwina kuphulitsa kumbuyo kuti phoo, agalu n'kubalalika. Mabuku a magalimoto akale ankalangiza kuti mapoyinti aziunikidwa pafupipafupi ndipo azisinthidwa galimoto ikayenda makilomita pakati pa 10,000 ndi 20,000.

Komabe mapoyinti ali ndi ubwino umene wawachititsa kukondedwa kuno kwathu: amachiritsika pamsewu pomwepo. Mukadzaona kapikapu kataima m'mbali mwa msewu boneti ili yasaa, imani chapatali muonerere. Makaniko wachikulire amachotsa kapu, n'kutsegula mapoyinti ndi nsonga ya chala, n'kusuzumira.

"Apsa awa. Mphwanga, tabwera ndi bokosi la machesi."

"Machesi a chiyani, madala, pali petulo pano?"

"Sindikufuna moto ine. Ndikufuna m'mbali mwakemo."

Amang'amba mbali yokhakhala ija, yokhwatchitsira machesi, n'kuilowetsa pakati pa timadontho tiwiri, n'kuikoka uku ndi uku mpaka zakuda zitachoka. Akatero amauzirapo, n'kumasula kasikuluu kamodzi, n'kukonza mpata uja. Woyenerera amayeza ndi timapepala tachitsulo topyapyala tolembedwa manambala, koma ena diso lawo linazolowera. Kenako amabwezera kapu n'kufuula kuti, "Taliza!" Nthawi zambiri imalira, ndipo njerwa zimafika kumene zimapita.

Kugawa moto popanda kukhudzana

Akatswiri anafunsa funso losavuta: bwanji tipeze chodulira magetsi chosagundana ndi chilichonse? Zinthu ziwiri zinali zitapezeka kale. Mu 1879 mnyamata wina wophunzira pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America, Edwin Hall, anaona kuti maginito akayandikira kachitsulo kopyapyala komwe mukudutsa magetsi, magetsiwo amakankhidwira mbali imodzi, ndipo kusinthako kumayezeka. Ndiye kuti n'zotheka kupanga kachipangizo kamene kamamva kuti maginito adutsa, osawakhudza. Mu 1947 akatswiri a ku Bell Laboratories, ku America komweko, anapanga tiranzisita, kanthu kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya magetsi popanda chiwalo chosuntha. Matiranzisita ndi omwe adzaza mu wailesi ndi mu foni ya amayi anu.

Phatikizani ziwirizi. M'malo mwa mapewa okankha kamkono, pa shafuti amavekapo kamphete ka pulasitiki kobisa timaginito tinayi. M'malo mwa mapoyinti amaikapo kabokosi kakang'ono kokhala ndi sensa ndi tiranzisita. Kamaginito kakadutsa, sensa imamva, tiranzisita imadula magetsi, koyilo imalavula moto. Pakati pa kamphete ndi kabokosi pali kampata, sizikhudzana, choncho palibe choperesedwa ndipo palibe chopsa. Mitundu ina imagwiritsa ntchito kagudumu ka mano achitsulo kodutsa pafupi ndi kakoyilo kakang'ono, ina imagwiritsa ntchito kuwala kumene kumatchingidwa ndi kutsegulidwa. Cholinga n'chimodzi. Kampani ya Chrysler inaika njira yotereyi m'magalimoto ake onse a ku America pofika 1973, ndipo m'zaka zotsatira makampani ena anatsatira.

Mwini galimoto yakale lero ali ndi njira ziwiri. Akhoza kusunga disitiribyuta yake yomweyo n'kungochotsamo mapoyinti ndi kondensa, n'kuikamo kamphete ndi kabokosi kaja. Imeneyi ndi yotsika mtengo. Koma ngati shafuti yayamba kugwedera, kapena timasipuling'i ta timiyala tija tatopa, ndi bwino kuzula yonse n'kuika disitiribyuta ina yamagetsi. Ena amaitanitsa kunja, ena amakasaka kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto ku Limbe kapena mumsika wa Ndirande, kumene injini zakufa zimaphwasulidwa kuti zipatse moyo zinzake. Ku Netherlands kuli kampani yopanga madisitiribyuta otchedwa 123ignition, amene kunja amaoneka ngati akale koma mkati mulibe ngakhale timiyala tija. Muli kakompyuta kowerengera liwiro la injini, ndipo ena mwa iwo amasinthidwa ndi foni.

Kusinthako sikutenga tsiku lonse, koma sikufuna phuma. Makaniko amayamba wazungulitsa injini ndi sipanala mpaka pisitoni ya silinda 1 itafika pamwamba, pa ulendo wofinya uja. Amadziwa poona kachizindikiro kojambulidwa pa pule, gudumu loyendetsa lamba kutsogolo kwa injini. Kenako amayang'ana kumene rota yaloza n'kulembapo ndi choko kapena penti. Wosalemba amalira pambuyo pake. Akachotsa waya wa batire amamasula bawuti yogwira disitiribyuta, n'kuizula, n'kulowetsa yatsopano rota italoza pomwe paja. Disitiribyuta zambiri zamagetsi zimatuluka ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, ndipo aliyense ali ndi mbali yake pa koyilo. Mukawasemphanitsa, kabokosi kaja kakhoza kupsa nthawi yomweyo, ndalama n'kulowa m'madzi. Ayeneranso kuona ngati koyilo yakale ikugwirizana ndi kabokosi katsopano, chifukwa makoyilo amasiyana. Magalimoto ena a ku Britain a nthawi ya Nyasaland, monga Morris Minor ndi Land Rover zoyambirira, batire lawo linkalumikizidwa motembenuza, mbali ya + ndi imene inkagwira thupi la galimoto. Amenewo amafuna kabokosi kawokawo.

Mawaya a mapulagi akabwerera m'malo mwake, 1-3-4-2, injini imalizidwa ndipo pamatsala ntchito yokoma kuonerera. Makaniko amatenga tochi yapadera yooneka ngati mfuti ya chidole, n'kuikoleka pa waya wa pulagi 1. Tochiyi imaphethira nthawi yokhayo imene pulagiyo yathetheka. Akaunika pa pule imene ikuzungulira mwaliwiro, kachizindikiro kaja kamaoneka ngati kaima chilili, chifukwa diso limangokaona pa kamphindi ka kuwalako. Tsono amapotoza disitiribyuta pang'onopang'ono, kachizindikiro n'kumasuntha, mpaka kafike pa madigiri oyenera. Akamanga bawuti, taimingi, kapena kuti nthawi ya moto, yatheka, ndipo sisunthanso chifukwa kulibe kachidendene koti kathe.

Kodi ndiye galimoto yasanduka yatsopano? Ayi ndithu. Anthu ena amayembekezera kuti kapikapu ka 1982 kayamba kupitirira minibasi pa Chipembere Highway, koma sizitero. Chimene chimasintha n'chakuti imalira msanga m'mawa, imayenda mosadukiza, ndipo petulo saonongeka chifukwa cha moto wochedwa. Kapu ndi rota zikadalipo ndipo zimathabe. Madzi akalowa m'kapu podutsa pa chithaphwi nthawi ya dzinja, galimoto imazima ngati kale, mpaka wina apukute ndi kansalu kouma. Palinso china. Mapoyinti amadwala pang'onopang'ono, amachenjeza. Kabokosi kamagetsi kamakhala zaka zambiri osavuta, koma tsiku limene kafa kamafa kamodzi, ndipo bokosi la machesi silingakadzutse. Ine ndikanakhala ndi kapikapu kodyetsa banja ndikanaika yamagetsi, koma mapoyinti akale ndi kondensa yake ndikanazikulunga m'pepala n'kuzisunga m'galimoto momwemo. Pakati pa Chikwawa ndi Thabwa simungadalire kupeza sitolo yogulitsa kabokosi koteroko.

Nanga magalimoto ena onsewa?

Toyota Sienta ndi magalimoto ena ochokera ku Japan amene adzaza m'misewu ya Blantyre alibe disitiribyuta n'komwe. Pulagi iliyonse ili ndi kakoyilo kake pamutu, ndipo kompyuta ya injini ndi imene imalamula kuti moto upite liti. Njinga zamoto za kabaza zambiri zili ndi kabokosi kakuda kotchedwa CDI, kamene kamagwira ntchito yodzutsa moto popanda mapoyinti. Mukafunsa achimwene a kabaza akuonetsani pamene kali. Malole, mabasi ndi zigayo za dizilo ndiye sizifuna kamoto ka pulagi. Injini ya dizilo imafinya mpweya kwambiri mpaka utenthe wokha, ndipo mafuta akapoperedwamo amayaka okha.

Amakaniko odziwa kukonza mapoyinti ambiri ndi achikulire tsopano, ndipo achinyamata amene akuphunzira za magalimoto m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA, kapena uinjiniya ku MUBAS pa Ginnery Corner, akukumana kwambiri ndi masensa ndi makompyuta. Ngati kufupi ndi kwanu kuli galaja yokonza magalimoto akale, pemphani chilolezo kwa makolo, mupite Loweruka mukapereke moni mwaulemu, n'kupempha kuti akutsegulireni kapu ya disitiribyuta injini itazima. Mukawerenge mapewa a shafuti, mukaone ngati akufanana ndi chiwerengero cha mapulagi. Atsikana, nanunso pitani, sipanala sisankha dzanja. Koma injini ikangolira manja anu akhale kumbuyo. Musagwire mawaya a mapulagi chifukwa amamenya koopsa, musayandikire fani ndi lamba wozungulira, ndipo musayatse machesi paliponse pamene pakununkha petulo.